Maliro a m'Tabuleti ndi Kope Langa Lofiira

Ana anga, pakhoma la pabalaza pathu pali kalata ili m'felemu, pambali pa chithunzi cha ukwati wa ine ndi amayi anu. Alendo amene sayandikira amayesa ndi satifiketi yaulemu, ndipo ine sindiwakonza. Inu mukudziwa kuti ndi kalata yondichenjeza, yokhayo imene ndinalandira pa zaka makumi atatu ndi zinayi zomwe ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi m'mapiri a Dedza muno. Amayi anu amati ndinailandira chifukwa cha pakamwa panga. Ine ndimati ndinailandira chifukwa cha buku labodza ndi pampu imodzi ya madzi. Ndilemba momwe zinayendera, muweruze nokha.

Chaka choyamba, ku Chimbiya

Ndinatsika basi pa Chimbiya ndili ndi sutikesi yachitsulo, nsapato zatsopano zondiluma, ndi buku lalikulu la malangizo a zaulimi lomwe tinapatsidwa pomaliza maphunziro. Bukulo ndinkalikhulupirira kwambiri, moti ndinalikutira ndi pepala lakhaki kuti lisade. Bwana wanga woyamba anali a Chinkhota, bambo wamfupi wadazi, wosaseka chisawawa. Tsiku lachitatu ananditengera kumudzi wina kuti ndikaphunzitse alimi kubzala kachewere. Ndinaima kutsogolo, ndinatsegula buku langa n'kuwerenga mokweza kuti mbewu ibzalidwe mozama mokwanira, motalikirana bwino, pa nthawi yoyenera. Alimi anandiwombera m'manja mwaulemu, ine n'kumadzimva kuti ndafika. Pobwerera a Chinkhota sanakwere njinga yawo, ankangoikankha.

"Aphwanga, mozama mokwanira ndi pati? Tandionetsani ndi chala."

Ndinayang'ana chala changa.

"Nanga nthawi yoyenerayo ndi Lachingati?"

"Bukuli silinanene, bwana."

"Silinganene, chifukwa amene analemba sanagwirepo khasu kuno. Buku likakuuzani kuti mokwanira, dziwani kuti mwini wake akubisala. Musanauze mlimi chinthu, yambani mwachiyesa nokha. Mukamunamiza kamodzi, adzakuwomberani m'manja mpaka tsiku lopuma ntchito, koma kumvera adzakhala atasiya kalekale."

Mawa lake anandipatsa kachigawo ka munda kuseri kwa ofesi ndi khasu lakale. Chaka chonsecho ndinabzala kachewere m'mizere yosiyanasiyana, ndikuyeza ndi chikhatho ndi kulemba m'kope zomwe zatuluka. A Chinkhota anamwalira kale, koma chizolowezi chimenechi ndinapuma nacho ntchito.

Zaka za pakati, ku Kabwazi ndi ku Chongoni

Kuchoka pa Chimbiya ananditumiza kudera la Kabwazi, komwe ndinakumana ndi amayi anu ndipo nonse munabadwira komweko. Za kusowa kwa zipangizo ndikanati ndilembe zonse, kope lino likanatha. Ndinayendapo miyezi inayi wapansi chifukwa tayala la njinga linkadikira siginecha ya munthu wina ku ofesi yaikulu. Atatipatsa njinga zamoto, mafuta ankabwera okwanira kupita kokha, kubwerera udzionere wekha. Mbewu zachionetsero zinkafika chimanga cha anthu chili m'mawondo. Chimene sichinkasowa ndi mabuku. Bungwe lililonse lobwera kudzathandiza alimi linkabwera ndi buku lake, lina lotsutsana ndi linzake, ndipo ine ndinkawalandira onse ndi manja awiri, n'kukawayesa kuseri kwa nyumba. Ena anali abwino ndithu, sindinganame. Koma ambiri ankadwala matenda amodzimodzi aja a mokwanira ndi moyenera.

Zaka zisanu ndi zinayi zomaliza ndinazigwirira m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Kumeneko kunali kalabu ya alimi khumi ndi asanu yotchedwa Tiyesenso, ambiri amayi a mphakati umodzi wa tchalitchi. Wapampando wawo anali a Nangozo, mayi wamasiye wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga mawu ake asanawatulutse. Kalabuyi inali ndi dimba labwino la kabichi ndi anyezi, koma mtsinje unali pansi pa chitunda choterera. M'chilimwe amayi aja ankakwera ndi kutsika chitundacho ndi ndowa pamutu kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litafika paliwombo. A Nangozo anagwapo kawiri, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda dzanja lili m'chiuno. Theka la dimbalo linkangokhala losalima chifukwa madzi sakanakwanira. Msonkhano uliwonse unkathera pa funso limodzi: "Alangizi, nanga pampu?"

Epulo wa chaka chomaliza

Kutatsala miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume, kunafika galimoto yoyera ya bungwe lina lomwe sindilitchula dzina. Munatuluka Mayi Lungu, mtsikana wophunzira bwino, wakhama, wosunga nthawi. Ndikufuna mudziwe kuti sanali munthu woipa, iwonso anali wotumidwa ngati ine. Anabweretsa matabuleti anayi okhala ndi masewero ophunzitsa kukonza dongosolo la ulimi. Ukayatsa, pagalasi pankaoneka kamudzi kokhala ndi tianthu khumi ndi tiwiri, minda, nkhokwe ndi mbuzi. Chaka chilichonse chinagawidwa m'magawo, ndipo pa gawo lililonse wosewera ankasankha kotuma anthu ake: awa akapalire, awa akatunge madzi, awa akagulitse mbewu. Ukalakwitsa, m'kamudzimo mumalowa njala. Alimi anangowatcha masewerowo kuti Kamudzi.

Mayi Lungu anati kalabu ikhale ikuyeserera miyezi itatu, kenako kudzakhala tsiku la mayeso. Gulu lomwe kamudzi kake kadzadutse zaka zisanu popanda njala lidzalandira pampu yoyendera dzuwa. Ndinaona a Nangozo akuchotsa dzanja m'chiuno n'kukhala tsonga. Kenako mayiwo anatulutsa buku la malangizo, lonyezimira, la masamba makumi atatu ndi awiri, pachikuto pali mlimi akumwetulira atanyamula chisononkho chotalika ngati mkono wake. Ananditengera pambali.

"Bambo Kamwaza, ntchito yanu ndi kutchaja matabuleti ndi kuitana anthu basi. Musawonjezere kanthu pa zomwe zili m'bukumu. Tikufuna tione ngati masewerowa ndi buku lake angaphunzitse okha popanda mlangizi."

"Popanda mlangizi?"

"Ndi kafukufuku chabe, bambo. Tagwirizana kale ndi abwana anu a ku boma."

Ndinavomera, koma mumtima munandiwawa. Munthu wagwira ntchito zaka zonsezi, lero ukuuzidwa kuti uthandize kutsimikiza kuti ntchito yakoyo ndi yosafunika. Komabe ndinati pampu ibwere kaye, zanga tidzaona. Kudera kuja kunalibe magetsi, ndiye Lachiwiri lililonse ndinkamanga matabuleti aja m'bulangeti kumbuyo kwa njinga yamoto n'kukawatchaja kwa wometa wina pa Chimbiya.

Meyi

Buku lija ndinayamba kudana nalo pa tsamba lachitatu. Linkati kachizindikiro ka khasu kali kumanzere, pomwe kanali kumanja. Linkati chaka chili ndi magawo khumi ndi awiri, koma tikasewera chaka chinkatha pa gawo lakhumi, chimanga chikadali m'munda. Linkati mbuzi zimapereka manyowa, osanena kuti ukapanda kuzimangira khola zimadya munda wonse, ndipo za momwe khola limamangidwira munalibe ndi liwu limodzi lomwe. Pa nkhani ya feteleza linkati thirani wokwanira. Pa nkhani ya nkhokwe linkati sungani chakudya choyenera. Ndinakumbukira chala changa pamsewu wa Chimbiya. Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri chinali pa tsamba la khumi ndi chinayi, pomwe panalembedwa kuti za anankafumbwe tione tsamba la makumi anayi. Ndinatembenuza bukulo kutsogolo ndi kumbuyo, ndinaligwedeza ngati mwina masamba ena amatirira, koma linkathera pa makumi atatu ndi awiri. Ndikuganiza kuti analilembera masewero ena akale, n'kungolisintha chikuto.

Zonsezi alimi akanatha kuzizungulira pang'onopang'ono, pakuti amayi aja anali ochenjera kuposa bukulo. Chomwe chinatigwetsa ndi china. Tsiku lina tikusewera pakhonde la a Nangozo, chaka chachiwiri cha m'Kamudzi chili pa gawo lopalira, pagalasi panatuluka kanyumba kokhala ndi nsalu yakuda, pansi pake mawu akuti munthu mmodzi wa m'mudzi mwanu wamwalira. Kwa amene anapanga masewerowo, tanthauzo lake linali lakuti wantchito mmodzi wachepa, pitirizani. A Damiano, bambo wachikulire amene anali mlembi wa kalabu ndiponso wogwira tabuleti tsiku limenelo, anavula chipewa. A Nangozo anati, "Abwezeni onse ali kumunda." A Damiano anabweza tianthu tonse m'mudzi n'kudina podutsitsa gawo popanda ntchito. Gawo lotsatira minda yonse inali udzu wokhawokha. Zokolola zinachepa, njala inalowa, kunamwaliranso wina, iwo n'kuimikanso ntchito. Pofika chaka chachitatu kamudzi kanali bwinja.

Zinachitika motero kachiwiri, kachitatu. Buku silinkanena chilichonse za maliro. Tsiku lachinayi ndinalephera kupirira, ndinaphwanya lamulo la Mayi Lungu koyamba.

"Amayi, pakatuluka nsalu yakuda ija musamaimike ntchito. Ameneyu si munthu weniweni."

A Nangozo anandifunsa:

"Nanga chimanga chakecho ndi chenicheni, Alangizi?"

"Iyayi."

"Ndiye mukuti chimanga chabodza tichisamale ngati chenicheni, koma munthu wabodza timutaye ngati galu? A Damiano, tawerengani tsamba loyamba lija."

A Damiano anavala magalasi awo n'kuwerenga kuti wosewera achite monga momwe amachitira kumudzi kwawo.

"Mwamvatu," anatero a Nangozo. "Kwathu kuno khasu silikhudza nthaka maliro ali m'mudzi. Dzanja likazolowera kudina kuti limani mnzathu ali chigonere, mawa lidzachita zomwezo kumunda. Pampu tikuifuna, msana wangawu ndi mboni. Koma osati potero."

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya ndi aliyense: amene analemba buku, amene anapanga masewero osadziwa kuti maliro n'kulirana, ndi a Nangozo omwe chifukwa cha kuuma mutu kwawo. Koma njinga isanafike pakhomo ndinali nditavomereza kuti mwa atatuwa, amayi aja okha ndi amene ananena chinthu chomveka.

Juni

Kunazizira chaka chimenecho moti zala zinkakana kudina galasi. Ndinagula kope lachikuto chofiira, ndipo masana aliwonse ndikaweruka kumidzi ndinkadzitsekera mu ofesi ndi tabuleti imodzi mpaka batire litatha. Ndinachita zomwe a Chinkhota anandiphunzitsa. Chiganizo chilichonse cha m'buku ndinachiyesa, n'kulemba m'kope chomwe chachitikadi. Feteleza wokwanira anapezeka kuti ndi matumba awiri pa munda, lachitatu limangowonongeka. Khola limamangidwa ukadina mbuzi kawiri motsatizana. Mankhwala a anankafumbwe anabisala kumsika, kuseri kwa chithunzi cha mchere. Midzi imene ndinaiwononga pofufuza zimenezi sindingaiwerenge. Amayi anu ankandiseka kuti anzanga akukonzekera kupuma pomanga makola a nkhumba, ine ndakalambira masewero a ana.

Koma chomwe ndinkafuna kwenikweni chinali njira yoti kalabu isunge maliro osataya munda. Ndinapeza kuti nsalu yakuda ija imatuluka pa gawo lachinayi kapena lachisanu, nthawi yopalira yeniyeni, ndipo palibe choiletsa. Ndinayesa kupaliriratu, udzu unkameranso. Ndinayesa kuchepetsa minda, chakudya sichinkakwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinapitiriza mpaka sabata yachitatu, pomwe maso anga anagwera pa chiganizo china chomwe ndinkachidumpha chifukwa cha ulesi wake. Chinkati kuphimbira nthaka kumathandiza nthawi zina. Nthawi ziti, sichinanene. Ndinatuma tianthu titatu kukamweta udzu pa gawo loyamba n'kuphimbira minda yonse. Maliro atafika ndinabweza aliyense m'mudzi monga amachitira a Damiano, n'kudutsitsa gawo. Nditatsegula lotsatira, minda inali yoyera. Ndinayesanso kanayi, zotsatira zomwezo. Munda wophimbira umatha kudikira gawo limodzi popanda khasu. Ndinaimirira mu ofesi muja ndekhandekha n'kuyamba kuseka.

Tsopano vuto linali pa ine. Kupereka kope lija kunali kuphwanya lamulo lomwe abwana anga anasainira, ndipo fayilo yanga inali isanadetsedwepo. Munthu wotsala pang'ono kupuma sachita masewera ndi fayilo, chifukwa mapepala ake onse amadutsa m'manja mwa anthu omwewo amene wawakwiyitsa. Amayi anu anandiuza mosapita m'mbali.

"Bambo a Tadala, kwatsala miyezi isanu ndi umodzi. Mwatseka pakamwa liti pa moyo wanu? Yesani kamodzi kokha."

Ndinayesadi, sabata yathunthu kope lili m'chikwama. Lachinayi lotsatira tinasewera pakhonde paja, kamudzi kanafanso. Anthu akubalalika, a Nangozo anatsala, atagwira buku lonyezimira lija m'manja.

"Alangizi, ine kuwerenga kumandivuta, ndimadalira a Damiano ndi inu. Inu mwaliwerenga lonse bukuli. Likunena zoona?"

Pa zaka zisanu ndi zinayi mayi ameneyu anali asanandifunsepo funso lotero, chifukwa panalibe chifukwa. Ndikanati eya, akanandiwombera m'manja. Ndinatsegula chikwama.

"Silikunena zoona, amayi. Loona ndi ili."

Ndinawauzanso kuti kopelo lisabisidwe. Ngati ndikuphwanya lamulo, ndiliphwanye masana, anthu akuona. Tsiku lomwelo ndinalembera abwana anga kakalata kowadziwitsa zomwe ndachita, ngakhale ndikukayika ngati anakawerenga nthawi yake.

Julaye, tsiku la mayeso

Mayeso anachitikira m'holo ya tchalitchi, m'mawa kuli nkhungu. Amayi a kalabu anavala zitenje zofanana ngati akupita ku ukwati. Mayi Lungu anafika nthawi yake, anayala mapepala awo, kenako anaona kope lofiira lili patebulo pambali pa tabuleti. Analitsegula, anawerenga masamba awiri, nkhope yawo n'kusintha.

"Bambo Kamwaza, ichi n'chiyani? Tinagwirizana chiyani?"

"Tinagwirizana kuti ndisawonjezere kanthu, mayi, ndipo ndawonjezera. Mlandu ndi wanga, osati wa anthuwa. Koma musanagamule, ndikupempha chinthu chimodzi. Titsegulireni tsamba la makumi anayi m'buku lanulo, mutiwerengere za anankafumbwe."

Anatenga buku lawo molimba mtima. Anafika kumapeto, anabwerera, anayang'ananso tsamba la khumi ndi chinayi.

"Mwina ndi kulakwitsa posindikiza."

"Mwina. Ndiye tisewerereni chaka chimodzi chokha potsatira bukulo, ife tiphunzire."

Apa ndiye ndinawalemekeza mayi aja, chifukwa wina akanakana. Anakhala pansi, buku kumanzere, tabuleti kumanja. Anagula mbuzi zinayi monga bukulo limalangizira. Pofika gawo lachitatu mbuzi zinali zitamaliza munda umodzi. Anafunafuna khola m'masamba onse osalipeza. Chaka chinatha pa gawo lakhumi iwo akudikira magawo ena awiri oti akolole. A Damiano anayang'ana kudenga, amayi ena anabisa pakamwa ndi nsalu. Mayi Lungu anatseka bukulo pang'onopang'ono.

"Buku ili ndinangopatsidwa, sindinaseweremo," anatero motsitsa mawu. "Kalabu ilembe mayeso, kope likhale pomwepo. Koma Bambo Kamwaza, lipoti ndilemba momwe zachitikira. Sindingabise."

"Lembani zonse, mayi. Ndi tsamba la makumi anayi lomwe."

A Damiano anagwira tabuleti, a Nangozo akulamula. Chaka choyamba anamanga khola, anaphimbira minda, anathira matumba awiri. Chaka chachiwiri, gawo lachinayi, nsalu yakuda inatuluka. A Damiano anavula chipewa. A Nangozo anati abwezeni onse. Mayi Lungu anayandikira mpando wanga.

"Akuchita chiyani? Ataya gawo lonse lopalira. Simuwauza?"

"Kuli maliro, mayi."

Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Ine kunja ndinkaoneka wodekha, koma ndikuuzeni zoona ana anga, ndinalibe chitsimikizo. Ndinayesa njira ija kasanu kokha mu ofesi, ndipo masewero a anthu osadziwa kuwerenga masamba a buku lawo sungawakhulupirire. A Damiano anadina. Gawo lachisanu linatseguka minda ili yoyera. Maliro anabweranso chaka chachinayi, kalabu inaimikanso ntchito. Pa gawo lomaliza la chaka chachisanu m'nkhokwe munatsala chimanga chochepa kwambiri, koma chinatsala, ndipo pagalasi panalembedwa kuti mudzi wanu wadutsa zaka zisanu popanda njala. Amayi anayamba nthungululu m'holo ya tchalitchi momwemo. A Nangozo sanaimirire, anangotembenukira kwa Mayi Lungu n'kufunsa kuti pampuyo ibwera Lachingati.

Pampu inafika mu Seputembala. Kalata yanga inafika patsogolo pake ndi sabata ziwiri, yonena kuti ndinasokoneza kafukufuku ndi kunyozera malangizo a akuluakulu. Mapepala anga opumira anachedwa miyezi ingapo, ndipo amayi anu sanandilole kuiwala zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Kope lofiira Mayi Lungu analibwereka kuti akalionetse kwa amene anawatuma. Analibweza ndithu, koma ngati buku lija linakonzedwa, ine sindinamve.

Okutobala, zaka zitatu nditapuma

A Nangozo anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kabichi wa kalabu atangoyamba kukulunga. Dimba lonse tsopano linali lolimidwa mpaka kumapeto, kuphatikizapo mbali ija yomwe kale inkakhala yosalima. Uthenga unandipeza kuno, ndipo ndinakwera minibasi mpaka pamsewu n'kumaliza wapansi. Maliro anatenga masiku awiri chifukwa ankadikira mwana wawo wochokera kutali. Nthawi yonseyo mutu wanga wa ulangizi sunagone, ndinkangowerengera kuti kabichi wa msinkhu umenewo, kutentha kotere, masiku awiri opanda madzi, apsa ndithu.

Pochoka kumanda ndinapatuka ndekha kutsikira kudimba. Pampu inali chete, atayivundikira ndi thumba, mapaipi atawakulunga bwinobwino pambali pake. Panalibe phazi la munthu. Ndinamva mapazi kumbuyo, anali a Damiano, chipewa chili m'manja.

"Palibe amene wayatsa?" ndinafunsa.

"Ndani angayatse, Alangizi? Amayi atayamba kudwalika sabata yatha anatiitanitsa, anati kamweteni udzu, muphimbire mabedi onse. Ati simudziwa gawo lomwe nsalu ija itulukire."

Ndinayang'ananso dimbalo. Bedi lililonse linali lokutidwa ndi udzu wouma, kabichi ali chiimire, wobiriwira. Ndinagwada ndi mawondo anga okalambawa, n'kulowetsa dzanja pansi pa udzuwo. Nthaka inali yonyowa.